Mafunso ndi mayankho: Ntchito ya kuseri World Cup ya 2010 isanayambe ku South Africa

Anthu akamakumbukira World Cup ya 2010 amatchula chigoli cha Siphiwe Tshabalala, phokoso la mavuvuzela, ndi usiku uja Ghana inatuluka mopweteka mtima pamaso pa Uruguay. Zonsezo zinachitika m'mwezi umodzi, kuyambira pa 11 Juni mpaka pa 11 Julayi. Koma kuti mweziwo utheke panapita zaka 6 za ntchito, ndipo ambiri mwa amene anaigwira sanaonekepo pa kanema. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza iwowo: omanga, osamalira kapinga, alonda a pazipata, oyendetsa mabasi ndi ena otero. Tasankha mpikisano umenewu chifukwa unachitikira pafupi nafe, m'dziko limene abale athu ambiri amakhala.

Kodi ntchito yokonzekera inayamba liti, ndipo ankaitsogolera ndani?

Inayamba pa 15 Meyi 2004 ku Zurich, pamene akuluakulu a FIFA anasankha South Africa ndi mavoti 14, Morocco n'kupeza 10. Kumbuyoku, m'chaka cha 2000, dzikoli linali litaphonya mwayi wochititsa mpikisano wa 2006 ndi voti imodzi yokha, Germany itapeza 12 ilo 11. Choncho anthu ena anakhala pa nkhaniyi zaka zoposa 10.

Ntchito inagawidwa patatu. FIFA ndiyo inali mwini mpikisano, ndipo ndalama za makampani a kanema ndi otsatsa malonda zinkapita kwa iyo. Komiti ya m'dzikomo, imene mkulu wake woyendetsa ntchito anali a Danny Jordaan ndipo wapampando anali a Irvin Khoza, inkakonza masewero enieniwo. Boma ndi makhonsolo a mizinda 9 ndiwo anasenza mtolo wolemera kwambiri: mabwalo, misewu, mabwalo a ndege, apolisi, zipatala. Boma linasaina malonjezo kwa FIFA okhudza misonkho, ziphaso zolowera m'dziko ndi chitetezo, mpaka nyumba ya malamulo inapanga lamulo lapadera la mpikisanowu. Walira mvula walira matope.

Anamanga mabwalo angati?

Masewero 64 a matimu 32 anachitikira m'mabwalo 10. Asanu anali atsopano: la ku Cape Town, Moses Mabhida ku Durban, Nelson Mandela Bay ku Port Elizabeth, Mbombela ku Nelspruit, ndi Peter Mokaba ku Polokwane. Bwalo la Soccer City ku Johannesburg linalipo kale, koma analigumula mbali yaikulu n'kulimanganso mooneka ngati chipanda, ndipo pa masewero omaliza munalowa anthu 84,490. Ellis Park ku Johannesburg, Loftus Versfeld ku Pretoria, Free State ku Bloemfontein ndi Royal Bafokeng ku Rustenburg anangowakonzanso.

Nanga omangawo ankasamalidwa bwanji?

Apa ndi pamene nkhani imayamba kuwawa. Mu Julayi 2009, kutatsala miyezi 11, anthu pafupifupi 70,000 ogwira ntchito zomanga ananyanyala ntchito. Sitalakayi inaimitsa mabwalo komanso njanji ya Gautrain. Mabungwe awo, motsogozedwa ndi National Union of Mineworkers, ankafuna kuti malipiro akwere ndi 13 peresenti, ndipo patatha sabata anagwirizana pa 12 peresenti. Manyuzipepala a kunja ankalemba ngati omangawo akufuna kuchititsa dziko manyazi. Koma taganizirani munthu amene amakwera pa chitsulo cha denga m'mamawa kukuzizira, akudziwa bwinobwino kuti bwalo likangotha ntchito yakenso yatha. Nthawi yokha imene mawu ake akanamveka inali imeneyo, denga lisanafoleredwe.

Chinthu chimodzi chabwino chinachitika: omanga mabwalo pafupifupi 27,000 anapatsidwa matikiti awiriawiri kuti akaonere mpira m'bwalo limene anamanga ndi manja awo. Tikiti si ntchito yokhazikika, komabe n'chinthu chimene ochititsa mipikisano ambiri saganizako n'komwe.

Pamwamba pa omangawo panali zina. Mu 2013 bungwe loona za mpikisano wa malonda ku South Africa linalipiritsa makampani omanga 15 chindapusa cha R1.46 biliyoni chifukwa chogwirizana mitengo mobisa pa ntchito zambiri, kuphatikizapo mabwalo a World Cup. Ku Mbombela, sipikala wa khonsolo a Jimmy Mohlala, amene ankadzudzula kayendetsedwe ka makontirakiti omangira bwalolo, anawomberedwa pakhomo pawo mu Januwale 2009. Kumeneko komweko ana a sukulu za ku Mataffin anachotsedwa m'makalasi awo kuti ntchito ya bwalo iyende, n'kumaphunzirira m'tinyumba tongoyembekezera totentha kwambiri. Munthu woonera pa kanema ankangoona mizati yooneka ngati akadyamsonga ndi mipando ya mizeremizere ngati mbidzi.

Kapinga ndi udzu basi. N'chiyani chimavuta pamenepo?

Pa ntchito zonse za kuseri, iyi ndi imene anthu amaipeputsa kwambiri, pamene ndi imene singabisike ikalakwika. Khoma losapaka utoto mukhoza kulitchinga ndi nsalu. Kapinga wadazi dziko lonse limamuona kwa mphindi 90.

Vuto loyamba linali nyengo. World Cup imachitika mu Juni ndi Julayi, imene kuno kummwera ndi nthawi yachisanu. Mabwalo ambiri a ku South Africa amadzala udzu wa kikuyu, umene umakonda kutentha ndipo umasanduka wofiirira chisanu chikagwa m'madera okwera monga Johannesburg ndi Bloemfontein. Choncho anafesamo mbewu ya udzu wina wotchedwa ryegrass, umene umakula bwino kukazizira, wobiriwira komanso wosalala moti mpira umathamanga. Akatswiri a bungwe la ku Britain la STRI anathandizana ndi osamalira mabwalo a m'dzikomo poyeza kulimba kwa nthaka, chinyezi, kutalika kwa udzu ndi mmene mpira ukudumphira, kuti bwalo la ku Polokwane lisasiyane kwambiri ndi la ku Cape Town. Bwalo lililonse linayenera kukhala mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi.

Vuto lachiwiri linali madenga. Denga lalikulu limateteza oonerera ku mvula, koma limabisa dzuwa, ndipo udzu wa kumthunzi umafooka.

Lachitatu linali rugby. Loftus Versfeld, Ellis Park ndi Free State ndi mabwalo amene amaseweramo rugby, ndipo amuna olemera akamakankhana amatipula nthaka ndi nsapato. Anayenera kuchokamo msanga kuti udzu upume. N'chifukwa chake mu Meyi 2010 timu ya Bulls ya ku Pretoria inakasewera ndime ziwiri zomaliza za mpikisano wa Super 14 pa Orlando Stadium ku Soweto. Azungu ambiri okonda rugby anaponda Soweto koyamba m'moyo wawo chifukwa cha kapinga.

Ku Mbombela udzu unakanika kangapo, n'kuchita kuuzula. Kumayambiriro a Malichi 2010, kutatsala masiku 100, atolankhani atapita kukaona bwalolo anapeza dothi lokhalokha. Njira imene inapulumutsa zinthu inali yofesa mbewu n'kusokeramo timaulusi tapulasitiki mamiliyoni ambiri tozika pansi, kuti mizu igwirire pamenepo. Anachita zomwezo ku Peter Mokaba, ndipo aka kanali koyamba kuti World Cup iseweredwe pa kapinga wosakaniza chotero. Ngakhale mpikisano uli mkati ntchito siinathe: ku Port Elizabeth mvula inavuta moti matimu ena analetsedwa kuchita zokonzekera m'bwalo tsiku loti mawa asewera. Ndipo mukadzaona anthu atanyamula timafoloko akuyenda pabwalo nthawi yopuma, akubwezeretsa zibuma zimene nsapato zatukula, dziwani kuti anafika m'mawa inu musanadzuke ndipo achoka usiku magetsi atazimitsidwa.

Amadziwa bwanji kuti zonse zikhala bwino tsikulo lisanafike?

Amayeserera. Kuyambira pa 14 mpaka pa 28 Juni 2009 kunachitika mpikisano waung'ono wa FIFA wotchedwa Confederations Cup m'mizinda inayi: Johannesburg, Pretoria, Rustenburg ndi Bloemfontein. Port Elizabeth inayenera kukhala nawo koma inachotsedwa poopa kuti bwalo silitha panthawi yake. Oonerera ankatsata mpira, Brazil n'kugonjetsa United States 3-2 pa masewero omaliza, koma okonza ankayang'ana zina: basi yatenga mphindi zingati kuchoka poimika galimoto kufika pachipata, mzere wa anthu watalika bwanji, magetsi apirira kapena ayi. Mabasi ndiwo anasokonekera kwambiri, anthu kumadikirira usiku pachisanu. Pamapeto pake a Sepp Blatter, amene anali mtsogoleri wa FIFA, anapereka mamalikisi 7.5 pa 10, n'kutchula mayendedwe ndi malo ogona kuti ndi zofunika kukonza. Madandaulo a mavuvuzela anayambiranso pomwepo.

Ntchito yoopsa kwambiri pa zonsezi ndi iti?

Ya pachipata. Ife Amalawi tiyenera kuimvetsa nkhaniyi kuposa ena, chifukwa tsoka lalikulu la m'ndime zopitira ku World Cup imeneyi linachitika pa masewero athu. Pa 29 Malichi 2009, Flames ikukasewera ndi Ivory Coast pa bwalo la Félix Houphouët-Boigny ku Abidjan, khamu linapanikizana polowa, khoma linagwa, ndipo anthu 19 anafa tsiku lomwelo, enanso oposa 100 anavulala. Mpira unaseweredwabe, ndipo tinagonja 5-0. South Africa nayo inali ndi bala lake: pa 11 Epulo 2001 anthu 43 anafa pa Ellis Park pa masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates. Kwathu kuno, pa 6 Julayi 2017, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa Bingu National Stadium polimbirana kulowa pa chikondwerero cha ufulu, zipata zitachedwa kutsegulidwa.

Ngozi zoterezi zimafanana gwero lake: anthu ochuluka kuposa malo, zipata zochepa kapena zotsegulidwa mochedwa, ndi alonda osadziwa chochita khamu likayamba kukankhana. Pa World Cup anakonza kuti munthu adutse malo angapo asanafike pampando. Mpanda woyamba unali kutali ndi bwalo, ndipo wopanda tikiti ankabwezedwa komweko. Kenako pofufuza m'thumba, kenako kachipata kozungulira kolowa munthu mmodzimmodzi makina atawerenga tikiti. Tikiti iliyonse inali ndi nambala ya mpando. Zipata zinkatsegulidwa kutatsala maola angapo. M'chipinda china pamwamba pa bwalo munkakhala apolisi, ozimitsa moto, azachipatala ndi oyang'anira bwalo, maso ali pa makamera, kuti chisankho chotsegula chipata china chichitike m'kanthawi kochepa. Boma linatumiza apolisi oposa 40,000 pa mpikisano wonse.

Umboni woti dongosololi ndilo linkateteza anthu unaoneka pa 6 Juni 2010, kutatsala masiku 5. Nigeria ndi North Korea zinasewera masewero apaubale pa bwalo laling'ono la Makhulong ku Tembisa, amene sanali m'manja mwa okonza World Cup. Matikiti anali aulere, khamu linakhamukira pachipata, ndipo anthu angapo anavulala pamodzi ndi wapolisi. Kulowa ulere kumamveka ngati chifundo, koma popanda kuwerenga anthu n'kuika miyoyo pachiswe.

Ndinamva kuti alonda ananyanyala mpikisano uli mkati. N'zoona?

N'zoona. Usiku wa pa 13 Juni, Germany itagonjetsa Australia 4-0 ku Durban, alonda a m'bwalo anachita zionetsero ponena kuti ndalama zimene alandira n'zochepa poyerekeza ndi zimene analonjezedwa. Apolisi anawabalalitsa, ndipo masiku otsatira apolisi omwewo ndiwo anatenga ntchito ya pazipata m'mabwalo angapo ku Durban, Cape Town ndi Johannesburg. Alondawo analembedwa kudzera ku kampani yapadera, osati ndi komiti mwachindunji, ndipo umo ndi mmene ntchito zambiri za kuseri zimayendera: wamkulu amapereka kontirakiti, uyo amapatsa wina, ndipo ndalama ikamafika kwa munthu woima pachipata maola 12 imakhala itaphwa. Kwa ife chimenechi ndicho chilema chachikulu cha mipikisano ikuluikulu. Munthu amene mwamuikiza miyoyo ya anthu 60,000 sayenera kumafunsa kuti kodi alipidwa zingati.

Nanga ongodzipereka, ogwira ntchito osalipidwa, ankachita chiyani, ndipo ankasankhidwa bwanji?

Komiti inkafuna anthu 15,000, koma amene anafunsira anali pafupifupi 68,000 ochokera m'mayiko 170. Mizinda inalembanso ena ake. Ankafunsidwa mafunso, kufufuzidwa mbiri yawo, n'kuphunzitsidwa. Ena ankalondolera anthu ku mipando, ena kulandira alendo pabwalo la ndege, kuyendetsa galimoto, kumasulira zilankhulo, kugawira atolankhani mapepala a mayina a osewera, kapena kujambula ndi kusindikiza zitupa.

Zitupazo n'zofunika kuzifotokoza. Aliyense wogwira ntchito, kuyambira wophika mpaka mphunzitsi wa timu, ankavala pakhosi chitupa cha chithunzi chokhala ndi manambala osonyeza malo amene angalowe. Wa kukhitchini sangafike kuchipinda chovalira osewera, mtolankhani sangaponde kapinga. Wongodzipereka wamng'ono amayenera kubweza ngakhale bwana wamkulu ngati nambala yake siyikulola, ndipo zimenezo zimafuna ulemu ndi kulimba mtima pamodzi. Ambiri mwa iwo sanaonere mpira ngakhale mphindi imodzi, chifukwa malo awo anali panja kapena m'makonde, kumangomva chimkokomo chigoli chikalowa.

Matimu amangofika n'kulowa mu hotela iliyonse?

Ayi. Mayere ogawa matimu m'magulu anachitika pa 4 Disembala 2009 ku Cape Town, ndipo atangodziwa kumene akasewere, akuluakulu a matimu anathamangira kukatsimikiza malo a m'bindikiro. Chimene ankayang'ana kwambiri ndi kukwera kwa malo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja yamchere, kuposa tauni ya Dedza, pamene Durban, Cape Town ndi Port Elizabeth zili m'mphepete mwa nyanja. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, wosewera amatopa msanga ndipo mpira umauluka mosiyana. England inakhala ku Rustenburg, Argentina ku Pretoria, ndipo Spain, imene inatenga chikho, inasankha tauni yaing'ono ya Potchefstroom pa malo a yunivesite. France inakhala ku Knysna kunyanja, kumene osewera ake anakana kuchita zokonzekera atakangana ndi mphunzitsi wawo.

Kumbuyo kwa osewera 23 kumakhala gulu lina: madokotala, othowa minofu, ophika, osamalira mayunifolomu ndi nsapato, ojambula masewero a adani. Komiti imapatsanso timu iliyonse munthu wolankhula chilankhulo chawo amene amayenda nawo paliponse, basi yawoyawo, ndi apolisi operekeza. Matimu ena anakonzekera m'mayiko oyandikana nawo. Brazil inasewera ndi Zimbabwe ku Harare pa 2 Juni n'kupambana 3-0.

Nanga oyimbira mpira?

Nawonso amasankhidwa patapita zaka akuyesedwa. Ku South Africa kunapita oyimbira 29, aliyense ndi omuthandiza awiri a mbendera amene amayenda naye nthawi zonse. A ku Africa anali a Jerome Damon a ku South Africa, a Koman Coulibaly a ku Mali ndi a Eddy Maillet a ku Seychelles. Lamulo linali lokhwima: mmodzi mwa atatuwo akalephera mayeso othamanga, onse atsala. Ndi mmene a Mohamed Benouza a ku Algeria ndi a Carlos Amarilla a ku Paraguay anatsalira kutangotsala milungu yochepa. Oyimbirawo ankakhala kwaokha kufupi ndi Pretoria, osaloledwa kucheza ndi anthu wamba, poopa a ziphuphu.

Nthawi imeneyo kunalibe makina othandiza. Mpira wa Frank Lampard umene unadutsa mzere wa golo pa masewero a England ndi Germany ku Bloemfontein, woyimbira osauona, ndiwo unakankha kuti makina oona chigoli avomerezedwe mu 2012. Njira ya mayeso a oyimbira ija ndi imenenso Mmalawi mnzathu a Bernadettar Kwimbira anadutsa mpaka kukagwira mbendera ku World Cup ya amayi mu 2015 ndi 2019.

Palinso madokotala oyeza mankhwala oletsedwa. Masewero alionse akatha ankatenga osewera awiri pa timu iliyonse mwa mayere, ndipo zoyezazo zinkapita ku labotale ya ku Bloemfontein.

Zithunzi zinkafika bwanji pa kanema wathu, nanga magetsi sanavute?

Makamera ojambula masewerowo ankayendetsedwa ndi kampani imodzi ya Host Broadcast Services. Zithunzi zinkayenda m'mawaya kupita ku likulu loulutsira ku Nasrec, pafupi ndi Soccer City, ndipo kuchokera kumeneko zinkagawidwa ku mawailesi a kanema a dziko lonse. Amene munkaonera m'nyumba zoonetsera mpira ku Ndirande kapena ku Kawale munkaona chithunzi chomwecho chimene ankaona ku Tokyo. Akatswiri a mawu anavutika ndi mavuvuzela, mpaka kuchita kusefa phokosolo kuti owulutsa amveke.

Za magetsi mantha analipo, chifukwa kumayambiriro a 2008 kampani ya magetsi ya m'dzikomo, Eskom, inkathimitsa magetsi mosinthanasinthana mpaka migodi inaima. Okonza sanafune kudalira mwayi, choncho zipangizo zoulutsira zinalumikizidwa ku majenereta akuluakulu, ena ali chire podikira kuti anzake akazima alowepo.

Mayendedwe anakonzedwa bwanji?

Mabasi a Rea Vaya anayamba kuyenda pakati pa Soweto ndi Johannesburg mu Ogasiti 2009, eni minibasi akukana mwamphamvu poopa kulandidwa makasitomala. Bwalo la ndege latsopano la King Shaka ku Durban linatsegulidwa pa 1 Meyi 2010. Sitima ya Gautrain inayamba kuyenda pakati pa bwalo la ndege la OR Tambo ndi Sandton pa 8 Juni, kutatsala masiku atatu okha. Sukulu zinatsekedwa nthawi yaitali kuposa masiku onse kuti misewu ipepuke.

Cholakwika chachikulu chinachitika pa 7 Julayi, tsiku la Spain ndi Germany ku Durban. Ndege za anthu olemera zinadzaza malo oimikapo pa King Shaka, ndege zina za anthu wamba zinabwezedwa kapena kuchedwa, ndipo ochemerera mazanamazana okhala ndi matikiti m'manja anaphonya masewerowo.

N'chifukwa chiyani anthu a mu Africa anavutika kugula matikiti?

Chifukwa poyamba FIFA inkagulitsa makamaka pa intaneti ndi makadi a kubanki, kapena polemba mafomu kubanki, zinthu zimene wochemerera mpira wa ku Soweto, Lusaka kapena Blantyre sanazolowere. Ife timagula tikiti ndi ndalama m'manja. Panali matikiti otsika mtengo a R140 a anthu okhala mu South Africa okha, koma ngakhale amenewo ankayenda pang'onopang'ono. Pa 15 Epulo 2010 anatsegula malo ogulitsira pakauntala, anthu anagona pamzere, makompyuta n'kumafa chifukwa cha kuchuluka kwa ogula. Pamapeto pake anthu oposa 3 miliyoni analowa m'mabwalo, koma ochokera m'mayiko ena a mu Africa anali ochepa kusiyana ndi mmene ankayembekezera. Amene anakonza njira yogulitsirayo sanafunse mokwanira anthu odziwa mmene msika wa kuno umayendera.

Mavenda anapindula?

Pafupi ndi mabwalo, ayi. FIFA imafuna kuti malo ozungulira bwalo akhale a makampani amene alipira kuti atsatse malonda awo basi. Amayi amene kwa zaka zambiri ankagulitsa nsima ndi nyama yootcha kunja kwa mabwalo anasunthidwira kutali. Ngakhale mayina a mabwalo anasintha: FNB Stadium inatchedwa Soccer City, Coca-Cola Park inabwerera ku dzina la Ellis Park, Vodacom Park inakhala Free State Stadium. Panali anthu amene ntchito yawo inali kumata zikwangwani ndi zizindikiro za makampani ena. Pa masewero a Netherlands ndi Denmark atsikana oposa 30 ovala madiresi a mtundu wa lalanje anatulutsidwa m'bwalo powaganizira kuti akutsatsa mowa wa kampani ina, awiri mpaka kumangidwa, ngakhale mlanduwo unathetsedwa. Amene anapezako kangachepe ndi ogulitsa mbendera, mavuvuzela ndi zipewa za makarapa m'misewu ya kutali ndi bwalo.

Ankati kunali makhoti apadera. Anali a chiyani?

Analipo 56, ogwira ntchito mpaka usiku, kuti mlandu wokhudza mlendo uweruzidwe iye asanabwerere kwawo. Anthu ena amene anabera atolankhani akunja anagwidwa ndi kuweruzidwa m'masiku owerengeka. Nzika zambiri zinafunsa funso lomveka: ngati n'zotheka kwa alendo, bwanji milandu yathu imatha zaka?

Amalawi a ku Joni anali pati pa zonsezi?

Anali kumene amakhala nthawi zonse: m'makhitchini a malesitilanti, m'mahotela, m'minda ya maluwa, m'mashopu, pa ntchito zomanga. Soccer City yazunguliridwa ndi milu ya dothi la m'migodi ya golide, migodi ya mtundu womwewo imene agogo athu ankapitako pa Wenela ndi Theba. Koma nthawiyo inali ya mantha. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera, ndipo Amalawi ambiri anabwerera kumudzi pa mabasi ali chimanjamanja. Mpikisano uli mkati kunamveka mphekesera zoti ukangotha ziwawazo ziyambiranso, moti ena ankatumikira alendo masana, usiku akumanga katundu. Mawu okopa a mpikisanowu ankanena kuti ndi nthawi ya Africa yonse, ndipo bwalo lonse linkachemerera Ghana ngati yawo. M'makomboni nkhani inali ina.

Tsiku la masewero lenilenilo, kuseri kumachitika zotani?

Zimayamba dzulo lake ndi msonkhano wa oimira matimu awiri, oyimbira, achitetezo ndi azachipatala. Amayala mayunifolomu patebulo kuti aone ngati mitundu siyikufanana, kuphatikizapo ya agoloboyi ndi ya woyimbira. Patsikulo pamakhala pepala losonyeza mphindi iliyonse: nthawi yofufuza bwalo lonse ndi agalu, yotsegula zipata, yofika mabasi a matimu pafupifupi ola ndi theka mpira usanayambe, yopereka mayina a osewera, yothirira kapinga, yotuluka ana ogwirana manja ndi osewera, yoimba nyimbo za fuko. Wina amayeza mpweya wa mipira yonse, wina amagwedeza ukonde kuona ngati sunabooke. Mkulu woyang'anira masewerowo amaima pakhomo la kanjira kotulukira, wailesi kukhutu, ndipo palibe amene amasuntha iye asanakweze dzanja. Zili ngati paukwati: alendo amaona akwati akuvina, koma amene akudziwa ngati tsikulo liyende ndi amayi a kuseri kwa nyumba amene anasonkha moto tambala asanalire.

Kodi Malawi ikukhudzidwa bwanji, popeza sitingachititse World Cup?

Miyezo yomweyi, yochepetsedwa, ndi imene CAF imagwiritsa ntchito povomereza bwalo la masewero a mayiko: kapinga, zipinda zovalira, magetsi owunikira, mipando, zipata zowerenga anthu, chipinda cha chipatala, malo a atolankhani. Mu 2021 Flames inasewera masewero ake apakhomo a ndime yopitira ku World Cup pa Orlando Stadium ku Soweto, chifukwa mabwalo athu sanavomerezedwe, Bingu National Stadium ili ndi zaka zinayi zokha chitsegulireni. Kumanga tinamanga, koma kusamalira kumafuna ndalama za mwezi ndi mwezi ndi anthu ophunzitsidwa amene amalipidwa panthawi yake. Lilongwe inachititsa masewero a achinyamata a mayiko a kummwera kwa Africa otchedwa Region 5 mu Disembala 2022, ndipo mafunso anali omwewa: malo atha liti, ana agona kuti, adya chiyani, ayenda bwanji.

South Africa nayo ikulimbana ndi mtolo wosamalira. Bwalo la ku Cape Town, limene linadya ndalama zoposa R4 biliyoni, linakhala zaka zambiri likudalira thumba la khonsolo, mpaka timu ya rugby ya Stormers inasamukirako mu 2021.

Ndikufuna kudzagwira ntchito zoterezi. Ndiyambire pati?

Yambirani pa bwalo la kwanuko. Pitani ku komiti ya mpira kapena ya ntchemberembaye ya m'boma lanu mukapemphe kuthandiza pa masewero a ligi, pachipata, pa zolemba, kapena posamalira bwalo. Phunzirani chithandizo choyamba ku Red Cross. Ngati mumakonda kuyimbira, FAM ndi bungwe la oyimbira amachititsa maphunziro, ndipo kuyamba muli wamng'ono n'kofunika chifukwa makwerero ake ndi aatali. Chifalansa kapena Chipwitikizi chimathandiza kwambiri pa mipikisano ya CAF ndi COSAFA, ndipo a kumalire a Mozambique ali kale ndi mwayi umenewo. FIFA ndi CAF zimalengeza pa masamba awo a intaneti zikafuna ongodzipereka, nthawi zambiri kutatsala miyezi yambiri, koma dziwani kuti ulendo ndi malo ogona mumadzilipirira nokha, iwo amapereka yunifolomu ndi chakudya cha pantchito. Kufunsira n'kwaulere, choncho wina akakuuzani kuti mulipire ndalama kuti akupezereni malo, ameneyo ndi wakuba. Ndipo ngati ndi ntchito yolipidwa kudzera ku kampani ya alonda kapena yoyeretsa, musayambe musanaone pepala lolembedwa malipiro a tsiku, maola ake, ndi tsiku lolandira.